Chitseko Chathu Chimene Mwachisandutsa Luso

Kwa Bwana Mkulu,
Nyumba ya Luso Lamakono.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire pepala lino, podziwa kuti kwanuko chinthu sachikhudza ndi manja wamba. Ine ndine mayi wachabechabe, wopuma pantchito. Moyo wanga wonse ndinkatayipa makalata a mabwana mu ofesi ina ya pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo chimene ndinatolako kumeneko n'chakuti munthu wamkulu sumuyamba ndi dandaulo. Umayamba wamuthokoza, ngakhale atakuponda chala. Choncho musachite mantha, kalata ino ndi ya zikomo yekhayekha, kupatula kapempho kakang'ono kumapetoko.

Mundikhululukire kuti ndadzera m'nyuzipepala. Ku ofesi kwanu ndafikako mpaka benchi ya pakhonde inayamba kundizolowera, koma nthawi zonse mlembi wanu amati muli pamsonkhano. Sindikudandaula. Mwina msonkhanowo nawonso ndi luso, la mtundu uja anthu amati chofunika si mathero ake koma kuchitika kwake. Ndangoona kuti nyuzipepala mumawerenga, makamaka ikakhala kuti yakutchulani.

Nkhani yake ndi ya chitseko chachikasu chimene chaima pakati pa holo yanu yaikulu, chozunguliridwa ndi chingwe chofiira, nyali zikuchiwalira ngati mkwatibwi. Chitseko chimenecho, bwana, ndi cha pakhomo panga.

Mmene chinafikira kwanuko mwina anakuuzani mwachidule. Mwamuna wa mwana wanga wamkazi ndi mmodzi wa aluso anu. Ndi mkamwini wabwino, sindingamunamizire: samwa, sakweza mawu, ndipo akadya amatsuka yekha mbale yake. Chilema chake n'chimodzi, amayang'anitsitsa zinthu. Lamulungu lina titatha kudya anangokhala duu, maso pachitseko, mpaka tiyi anamuzizirira m'kapu. Kenako anandipempha mwaulemu wonse kuti ndimubwereke chitsekocho kwa kanthawi. Ine ndinayesa akufuna achijambule, monga ankachitira aluso akale, aja ankati akalikonda phiri amalisiya pomwepo n'kutenga chithunzi chokha. Ndinati kupatsa n'kuika, tengani apongozi. M'mawa mwake kunafika lole ndi amuna onyamula zitsulo zozulira, n'kuchotsa chitseko, mahinjesi, felemu, ndi njerwa zingapo zomwe zinakana kusiyana ndi felemuyo. Kanthawi kaja mpaka lero sikanathe.

Tsopano ndiyambe kuthokoza.

Choyamba, zikomo ponditsegula maso. Chikwatiwire ndakhala ndi luso m'nyumba osadziwa. Ndinkayanikapo thaulo. Ndinkapherapo mphemvu ndi silipasi. Ana ali aang'ono ankachimenyetsa akakwiya, ine n'kumawakalipira kuti athyola chitseko, osadziwa kuti akusakaza chuma cha mibadwo. Ndikakumbukira zimenezi manyazi amandigwira, ndipo ndapepesa kale mumtima.

Kachikwangwani kamene mwaika pambali pake ndinakawerenga nditavala magalasi. Mwachitcha "Pakati pa Kuno ndi Uko". Pansi pake pali dzina la mkamwini wanga, ndipo pansi pa dzinalo mwandandalika zipangizo: matabwa, penti, chitsulo, ndi kusakhalapo. Zoyambazo ndikuzidziwa bwino. Matabwa anagula amuna anga, penti anapaka amuna anga, ndipo chitsulocho ndi mutu wa giya wa basi yomwe ankayendetsa, umene anaukhomera pachitseko chogwirira chake chitathyoka. Kusakhalapoko ndiye kunandizunguza mutu, mpaka ndinafunsa. Anandiuza kuti ndi chibowo chomwe chinatsala pakhoma la nyumba yanga. Ndinakondwa kumva kuti theka la chionetsero lili kwathu, komanso kuti mphepo yomwe inatiwomba tili pabedi masiku oyamba aja sinali mphepo wamba. Agalu a kwa aneba, omwe ankalowa mpaka kukhitchini, ndinasiya kuwathamangitsa poopa kuti mwina ndi alendo odzaona.

Dzina la amuna anga pakachikwangwanipo palibe. Mkamwini anandifotokozera modekha kuti masiku ano luso si kupala thabwa kapena kugwira burashi, koma kusankha. Waluso amangoloza chinthu n'kunena kuti ichi, basi chasanduka. Ndinamva ndithu. Kungoti nanenso ndinasankhapo pa moyo wanga. Mtundu wachikasuwo ndinasankha ndine, eni ake akufuna wobiriwira, ndipo eni akewo ndinawasankhanso ndine pakati pa madalaivala onse a pa depoti. Koma palibe anandimangira chingwe chofiira, ndiye ndaona kuti kusankha kumatengeranso kuti wasankhira m'nyumba ya ndani.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha wachiwiri wanu, mayi uja woyenda ndi makiyi m'khosi, amene anataya nthawi yake kundiphunzitsa. Ulendo woyamba anandiuza kuti ndisamayang'ane matabwa ngati kalipentala, pakuti luso lenileni ndi ganizo, ndipo chitseko ndi chotengera chabe, ngati envelopu ya kalata. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati zikomo mayi, ndiye tagwirizana: inu tsalani ndi kalatayo, ine mundipatse envelopu yanga, ndipo lole ndipeza ndekha. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ulendo wotsatira anandiuza kuti chitseko china sichingalowe m'malo mwa chimenechi, chifukwa m'matabwa amenewa muli mbiri, muli thukuta la manja, muli mpweya wa banja. Ndiye ndaphunzira kuti Lolemba matabwa alibe ntchito, Lachiwiri matabwa ndiwo zonse. Ndikupepesa kuti nthawi zonse ndimabwera tsiku lolakwika.

Ndisaiwale kuyamika chisamaliro. Chitseko chomwe kwathu chinkanyowa ndi mvula, lero amachipukuta ndi kaburashi kofewa anthu ovala magolovesi oyera. Ndamva kuti mwaletsa kuthira mafuta m'mahinjesi chifukwa kulira kwake ndi mbali ya ntchitoyo, ndipo mwajambula kulirako n'kumakuulutsa pa masipika. Bwana, kulira kumeneko ndinalimbana nako zaka zonse za ukwati wanga. Ndinathirapo mafuta a makina osokera, ophikira, ngakhale odzola. Lero anthu amatseka maso kumvetsera, mitu ili wezuwezu. Ndikanadziwa, ndikanamalipiritsa aneba.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono, zikomo chifukwa cha chitseko chatsopano chimene munatitumizira. N'chokongola kuposa nyumba yake. Chabulauni, chosalala, chogwirira chake chonyezimira, chimatseguka ndi chala chimodzi ndipo sichilira. Aneba anabwera kudzachisisita. Vuto lake n'lakuti amuna anga sachidziwa.

Pepani, ndikuuzeni za amuna anga, pakuti m'mabuku anu mulibe. Anali dalaivala wa basi za mtunda wautali, munthu wodziwa mphambano iliyonse ndi dzenje lililonse la mumsewu. Zaka zapitazi anayamba kuiwala. Anayamba ndi makiyi, kenako mayina a zidzukulu, kenako tsiku, ndipo pano nthawi zina amandiyang'ana mwaulemu ngati mayi wokwera basi yawo. Adokotala anatiuza kuti mankhwala ake kulibe, chachikulu tisawasinthire zinthu. Masana aliwonse amavala chipewa n'kutsetsereka kupita pa siteji kukaona basi zikudutsa, ndipo palibe angawaletse. Pobwerera, m'njira yathu nyumba n'zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, koma iwo sankasochera. Ankafuna chikasu. Akachipeza ankagwira mutu wa giya uja, kunyamula chitseko pang'ono ndi bondo pakuti chinapendekeka kalekale, n'kukankha ndi phewa. Chikalira, ankadziwa kuti afika. Mutu unaiwala zambiri, koma bondo ndi phewa zinali zisanaiwale.

Tsiku lomwe chitseko chanu chinaikidwa, anabwera kuchokera ku siteji n'kuima pabwalo. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kenako anavula chipewa n'kuodira. Nditatsegula anandipatsa moni wa alendo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa nyumba ya chitseko chachikasu, chifukwa mkazi wawo akhala akuda nkhawa. Ndinawauza kuti mkaziyo ndine, nyumba ndi ino, lowani. Anaseka mwaulemu n'kunena kuti iwo salowa m'nyumba za eni mwamuna palibe. Anakhala m'mphepete mwa khonde, chipewa pabondo, kudikira kuti wina awaperekeze kwawo.

Musaganize kuti ndinangopinda manja. Ndinagula penti wachikasu n'kuchipaka chitseko chanu chokongolacho, mundikhululukire. Tsiku limenelo anafulumira atachiona, nkhope ili ngwee. Anagwira chogwirira, bondo linanyamuka lokha, phewa linakankha, chitseko n'kungoti psiti kutseguka mopanda phokoso, iwo n'kutsala pang'ono kugwera m'kati. Anabwerera m'mbuyo akupepesa kuti alakwitsa nyumba. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse ndi ntchito. Ndimawanyengerera ngati mwana wokana kusamba, nthawi zina n'kuchita kuwanamiza kuti mwini nyumba wawalola kugona lero lokha. Amagona atavala nsapato, monga amachitira mlendo wofuna kulawirira. Tsiku lina mwezi wathawu sanabwerere n'komwe. Tinawafuna ndi mwana wanga mpaka miyendo inatupa, n'kukawapeza kutsidya kwa njanji, wowotcherera zitsulo wina atawakhazika pa thayala. Wowotchererayo anawapeza akugogoda pa kashopu kotseka ka chitseko chachikasu. Bwana, apa sindiseka. Ndili ndi mantha kuti tsiku lina adzapita kukafuna chitsekocho ndipo sipadzakhala wowotcherera zitsulo wachifundo.

Zonsezi ndinamuuza wachiwiri wanu. Anagwira pamtima, n'kunena kuti nkhaniyi ikuzamitsa ntchitoyo kwambiri, ndipo anapempha ngati angailembe m'kabuku ka alendo.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mtsutso umene munakonza mu holo yanu, wofunsa ngati chitseko chingakhale luso. Ndinabwera, ndinakhala kutsogolo, nditavala diresi la kutchalitchi. Ndiulule kuti ndinabwera ndi mbali. Kunali mkulu wina wa imvi, wojambula mapiri ndi ng'ombe, amene analemba m'nyuzipepala kuti zimene mukuchita kumeneko n'chinyengo, kuti iye anatha unyamata wake kuphunzira kujambula dzanja la munthu pamene ana a lero akungozula zitseko. Mkulu ameneyo sindimudziwa, ndipo ng'ombe zake ndinaziona, zina zimaoneka ngati masofa. Koma ndinawerengera kuti akapambana, chitseko chikhala chitseko basi, ndipo chitseko wamba mulibe nacho ntchito. Ndiye aliyense akamuwombera m'manja, ine ndinkawomba kawiri.

Mbali inayo kunali mayi wa magalasi aakulu amene amalemba za luso, uja amayamba chiganizo lero n'kudzachimaliza mawa. Iye anati funso si lakuti kodi ichi ndi luso, koma kuti ndani ali ndi mphamvu yofunsa. Anati chitseko chopanda khoma chimatikumbutsa malire onse amene anthu amamanga, othawa kwawo, otsekeredwa kunja, ndi ena otero. Mkulu wa imvi anati mdzukulu wake angachite zomwezo. Mayiyo anati inde, koma sanachite. Mkulu uja anamenya tebulo, madzi anatayika, wina kumbuyo anafunsa ngati kutayikako kunali kokonzeratu. Ine ndinaimika dzanja mpaka linachita dzanzi, kufuna kungofunsa kuti otsekeredwa kunja amene akunenedwawo akuphatikizapo mwini chitseko kapena ayi, koma nthawi ya mafunso inatha.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine. Mkangano uja unakoka anthu ngati ngozi ya pamsewu. Amene sanalowepo m'nyumba yanu chibadwire anafola pamzere kudzaona chitseko chokanganitsa akuluakulu, ndipo inu munalengeza kuti chionetsero chawonjezeredwa mpaka mtsogolo. Mkulu wa imvi uja, amene ndinamuwombera m'manja mpaka zikhatho kufiira, ndi amene anandikhomerera chitseko changa kwanuko. Ndinamva kuti munamutumizira kalata yothokoza.

Pano ndinene chilungamo, poti sindikufuna muzinditenga ngati mayi wodana ndi zatsopano. Nditalowa koyamba mu holo yanu ndinadutsa mulu wa mchenga, ndinadutsa mpopi wodontha mu beseni, ndinadutsa chipinda chopanda kanthu chomwe anthu ankalowamo mwakachetechete ngati muli odwala. Zimenezo ndinazisiyira eni ake. Koma nditachiona chitseko changa chili chokhachokha pakati pa chipinda choyera, ndinaima. Ndinaona pamene penti anaperepeseka ndi phewa la amuna anga. Ndinaona pamunsi pomwe galu wathu wakale ankakanda. Ndinaona kabowo ka msomali wa nkhata ya maluwa imene tinapachika mwana wathu woyamba atatisiya. Zaka zonsezo ndinkadutsapo osaona, ndipo zinatengera mkamwini wanga woyang'anitsitsa uja kuti ndione. Ndinalira, ndipo mlonda wanu anandibwereka mpando wake. Ndiye ngati luso ndi chimenecho, sindikutsutsa. Ndaona, ndamva, zikomo. Koma munthu akakuonetsa kuti mwana wako ndi wokongola, sapita naye kwawo.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha Loweruka lija, limene mwalitcha tsiku lalikulu m'mbiri ya nyumba yanu. Poti inu munafika mochedwa, muli pamsonkhano, ndikufotokozereni mmene zinayendera.

Ndinawatenga amuna anga n'cholinga chimodzi, kuti muwaone ndi maso anu. Mu holo ankayenda kumbuyo kwanga atagwira chipewa, kupereka moni kwa aliyense. Titakhota pa mulu wa mchenga uja anaima. Kenako anandipitirira, akuyenda mwamphamvu ngati kale akamachokera ku depoti. Alendo anu onse amachizungulira chitsekocho, poti khoma palibe, amasuzumira kutsogolo n'kusuzumira kumbuyo. Iwo sanazungulire. Anadumpha chingwe chofiira ngati ngalande ya pabwalo, anagwira mutu wa giya, bondo linanyamula, phewa linakankha. Chitseko chinalira kulira kwake kwenikweni, kuposa kwa m'masipika. Analowa, anatembenuka n'kutseka bwinobwino. Kenako anakhala pansi kuseri kwake, pa simenti yanu yopukutidwa, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Mlonda anathamanga, koma atafika pafupi anaima. Ine ndinazungulira n'kukagwada pambali pawo. Anandiyang'ana, ndipo anandidziwa, osati ngati wokwera basi ayi. Ananditchula dzina limene amanditchula iwo okha, n'kunena kuti:

"Lero ndiye ndayenda, mayi. Ndimayesa sindifika."

Anapempha madzi akumwa, anaika nsapato zawo pambali pa felemu pomwe amaziika nthawi zonse, n'kutsamira. Chichokereni chitsekocho ndinali ndisanawaone atavula nsapato mwa kufuna kwawo.

Apa m'pamene alendo anu anayamba kuwomba m'manja. Mafoni anali m'mwamba ngati makandulo. Mayi wa magalasi aakulu analemba tsamba lathunthu kuti nkhalamba yosadziwika yamaliza ntchito imene waluso anangoiyamba, kuti thupi lalowa m'ganizo, kuti kuvula nsapato kuja kunali kugonja komanso kuukira pa nthawi imodzi. Sanalembe kuti pofuna kutseka holo madzulo tinachita kuwanyamula ine ndi mlonda, iwo akufunsa kuti alakwa chiyani kuti azitulutsidwa m'nyumba mwawo.

Mkamwini wanga analipo, ndipo sanawombe nawo m'manja. Anatuwa ngati phulusa. Lolemba lake anabwera kwa inu kudzapempha kuti ntchito yake ithe, chitseko chibwerere. Ndamva kuti munamulandira bwino, n'kumufotokozera kuti ntchito ikalowa m'nyumba yanu mwini wake alibenso mawu, ili m'manja mwa anthu onse ndi mibadwo ya mawa, ndipo waluso amakhala ngati wamwalira. Mwana wanga anadabwa kumva kuti ndi wamasiye mwamuna wake akudya naye mbale imodzi. Ine chomwe chinandigometsa ndi ichi: pamene mnyamatayo analoza chitseko n'kunena kuti ichi ndi luso, mawu ake anali lamulo, koma pamene analoza chomwecho n'kunena kuti ichi ndi chitseko cha apongozi anga, mawu ake anasanduka maganizo chabe a munthu mmodzi. Chala chimene chija chimagwira ntchito polowa pokha. Pano mkamwiniyo sabweranso kudzadya Lamulungu, manyazi amukulira, ndipo ndamusowa.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo n'chomaliza, zikomo chifukwa cha uthenga umene wachiwiri wanu wanditumizira, wotipempha kuti amuna anga azibwera Loweruka lililonse masana kudzabwereza zomwe anachita, galimoto mudzatumiza, tiyi mudzapereka. Ulemu woterewu banja lathu silinaulandirepo. Kampani ya basi imene anaigwirira ntchito mpaka msana kupindika inangowapatsa wotchi ya pakhoma.

Tsopano kapempho kanga kaja.

Njira yapafupi ndi iyi, ndipo ndikuitchula mwamantha: lole yomwe inabweretsa chitseko chatsopano ibwere ndi chakale, ibwerere ndi chatsopanocho. Simudzatsala manja lendee. Chitseko chatsopanocho nachonso chili ndi mbiri tsopano: chinapakidwa penti ndi mayi wothedwa nzeru, ndipo chinaodiridwa ndi mwini nyumba madzulo ambirimbiri. Muchiimike pomwepo, muchitche "Chimene Munthu Anakana Kulowa". Ganizo limeneli ndakupatsani ulere, ndipo dzina mulembepo la aliyense amene mukufuna. Mukatero mudzakhala ndi ganizo, mbiri ndi matabwa, Lolemba ndi Lachiwiri lomwe.

Koma ndikudziwa kuti mibadwo ya mawa ingakhumudwe, ndipo ine ndine yani kuti ndilimbane ndi anthu osabadwa? Choncho ngati zimenezo n'zosatheka, pempho lanu la Loweruka ndalivomera ndi manja awiri. Chovuta n'chakuti amuna anga Loweruka salidziwa. Amadziwa chitseko basi, ndipo kumene kuli chitsekocho ndiko kwawo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tamva m'mimba, bwana, koma chitseko chili kwa inu. Ndiye tikubwera kudzakhala.

Sitidzakuvutitsani. Bedi tidzaliika kuseri kwa chitseko, mbali ya kumanzere, chifukwa ndi kumene phazi lawo limalowera. Mpopi wodontha uja utikwanira kusamba ndi kuchapa, ndipo ndikulonjeza kusautseka ngakhale dzanja lizindiyabwa. Chingwe chofiira chija ndachiyesa ndi maso, chikhoza kunyamula malaya awiri ndi thaulo. Chipinda chopanda kanthu chija chikhala cha zidzukulu zikabwera kudzacheza patchuthi, ndipo mchenga ndikuuzirenitu kuti sindingaulonjeze. Masana mlonda wanu aziwalozera njira ya ku siteji, pobwerera adzafika okha. Alendo anu azibwera monga mwa nthawi zonse, azijambula mmene angafunire, ndife luso ife. Chokhacho, aziyamba aodira. Inunso bwana, popita ku msonkhano wanu m'mawa, musamazungulire. Muzigogoda, mudikire, ndipo akakufunsani kuti ndinu mwana wa ndani muziyankha mofatsa, chifukwa amafunsa kangapo.

Chotsiriza ndi kachikwangwani kaja. Ndagwira mwendo wanu, musatilembe m'gulu la zipangizo, pakati pa penti ndi kusakhalapo. Ine musandilembe n'komwe, ndazolowera kutayipa makalata amene ena amasaina. Koma dzina la amuna anga mulilembe, ndi zilembo zikuluzikulu, pamsinkhu woti munthu wokhala pansi akumasula nsapato athe kuwerenga. Sikuti akufuna kutchuka. Kungoti m'mawa wina amadzuka n'kundifunsa ine kuti iwo ndi ndani, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakhalepo masiku onse kuti ndiziwayankha.

Ndatha ine wanu wogwada kunja kwa chingwe chofiira,

Mkazi wa mwini chitseko.